Madontho a Nkhope ya Amuna Anga

Lolemba
Lamulungu likubwerali tikwanitsa zaka 40 m'banja. Pulani: ndikulitse chithunzi cha ukwati wathu, ndichiike mu fulemu, bambo a Tamanda ndiwadzidzimutse. Chenichenicho chinavunda chaka chimene denga linasasuka tikuphunzitsa ku Mkanda. Chotsala n'chimodzi, cha mu kanyuzi ka mpingo, kosindikizidwa ndi chimakina chakale chija chinkalira ngati chigayo. Kukula kwake ngati bokosi la machesi. Koma ndife amene!

Lachiwiri
Kwa bambo wosindikiza zithunzi pa boma. Akuyang'ana kapepalako, akupukusa mutu. "Mayi, chithunzi chabwino chimafuna madontho 300 pa inchi imodzi. Apa ndi ochepa, otalikirananso." Madontho ati? Zaka zonsezi sindinaonepo dontho ine. Mphunzitsi wa masamu sangangomva za pakamwa. Ndiwerenga ndekha.
Zofunika:
tepi ya mainchi (kwa atelala, rula yanga ndi ya masentimita)
galasi lokulitsira (kwa okonza mawotchi)
singano yolozera
abambo asadziwe

Lachitatu
Mayo ine, alipodi! Pansi pa galasi amuna anga ndi mtedza woyanika pamphasa. Inchi imodzi ndaiwerenga katatu: 58, 63, 60. Nkhope yawo yonse madontho 14 m'lifupi. Diso lililonse dontho limodzi. Ndiye pamene ndimati akuyang'ana mwachikondi paja, ndi timadontho tiwiri basi?
Singano yaterereka. Khutu lawo lamanzere labooka. Pepani, abambo.

Lachinayi
Nzeru zabwera! 300 kuchotsa 60, kutsala 240. Osowawo ndingowonjezera ndi bolopeni. Fotokope ndachita, ndikudontheza. Pofika masana:
abambo amera ndevu
velo yanga yada bii
inenso ndamera ndevu
Iwo ali pakhonde: "Mukusankha chiyani umo, mpunga?" Ndayankha kuti ndikuchonga mayeso. Ntchito ndinapuma kalekale. Angotsokomola.

Lachisanu
Tamanda, mwana wathu, pa foni kuchokera ku Lilongwe: "Amayi, madontho amene kulibe sabwera. Ingojambulitsani chatsopano." Chatsopano! Ndi dazi la bambo akelo? Ine ndikufuna mnyamata wa jekete yobwereka uja, amene ankanjenjemera mpaka abusa kumugwira mkono. Nkhope imeneyo yatsala pa kapepala aka kokha, m'mutu mwanga yayamba kufufutika. Zimenezo n'zimene zikundiopsa. Ndalira pang'ono, kenako ndatsuka mbale.

Loweruka
Ndabwerera kwa wosindikiza. "Kulitsani momwemo." Iye: "Mukandinena, mayi." Ndati kulitsani! Chatuluka chachikulu ngati zenera. Dontho lililonse ngati khobwe. Mkwati palibe, mkwatibwi palibe, khobwe yekhayekha. Fulemu ndinagula kale, ndachilowetsa. Chili kuseri kwa kabati, ine mutu ukuwawa.

Lamulungu
Tachoka kutchalitchi. Ndikuwapatsa abambo chithunzicho, maso pansi. Akuchiyandikitsa kumaso, akuchitembenuza chadodolido. "Zikomo kwambiri, mayi a Tamanda. Ndi chitenje cha ku Chipata?" Manyazi! Ndalanda, ndakachitsamiritsa ku mpanda uko, chiswe chithane nacho.
Pobwerera ndikuwapeza aimirira pakhonde, pakamwa yasa. "Tabwerani. Taimani pano. Uyo si inu?"
Ndikutembenuka. Ambuye! Patalipo madontho agwirana. Velo. Jekete yothina m'mapewa. Mnyamata wanga uja, mantha ali pankhope ponse.
Ndawerenga mapazi kuchoka ku mpanda kufika pakhonde: 23. Ukayandikira pang'ono, khobwe. Pabalaza pathu ndi mapazi 6. Basi, ndagonja, m'nyumba sichilowa. Tachikhoma pakhoma la khitchini, panja, pansi pa denga. Alendo odutsa pafupi azidabwa okha.
Tatulutsa mipando iwiri, taiika mapazi 23 kuchoka pachithunzipo. Iwo akuti, "Ndinkaopa kuti mukana pamaso pa anthu." Zaka 40 osandiuza! Andigwira dzanja. Tiyi wazizira, palibe wadandaula.