A Festus, Dokotala wa Maondo a Agalu

Aliyense wa ku Ngokwe akuwakumbukira a Festus, bambo amene galu aliyense wotsimphina ankamupeza ndi nthenda imodzi yokha: mtsempha wa m'bondo waduka. Sukulu yake? Anasesapo masabata awiri pa ofesi ya alangizi a ziweto ku Balaka, n'kuthamangitsidwa. Anabwerako ndi jekete loyera limene silinaonanepo ndi sopo, udokotala wake n'kukhala umenewo.

Zida zawo zinali masipoko a njinga ndi mphira za chubu. Tsiku lina mayi Nelia, ogulitsa zitumbuwa pamsika, anawatengera galu wawo.

"Eee mayi, mtsempha wathera apa. Mukanachedwa tikanadula mwendo."

"Iyayi a Festus, si minga iyi yalowa kuphaziku?"

"Munaphunzira kuti inu? Minga imabwera chifukwa cha mtsemphawo!"

Ine ndinkangowaseka, mpaka chaka chimene galu wanga Ndilekeni anapindika bondo pothamangitsa anyani m'munda. Popanda iye chimanga chonse chikanathera anyaniwo. Mwendo wakumbuyo unali lende, osaponda pansi. Monyinyirika ndinawaitana a Festus. Anafika akukhosomola mwaukulu, kufinya apa, kufinya apo, n'kumanga masipoko zolimba.

"A dokotala, mwamanga mwendo wabwinowu!"

"Ndikudziwa. Tikufuna wodwalawo uchite manyazi, uyambe kugwira ntchito."

Ndilekeni anawayankha ndi mano padzanja. Mlangizi weniweni atabwera anati mtsempha unadukadi, ndimumangirire galuyo masabata asanu ndi limodzi asathamange. Munda ndinalondera ndekha, kukuwa ndekha. Galu atangoyamba kuponda, a Festus anazungulira msika wonse akuonetsa chipsera cha mano aja.

"Satifiketi yanga iyi! Ndinanena ine, mtsempha!"

Mwa agalu zana amene anawanamizira, mmodzi yekhayu ndiye anawakhalira mboni, ndipo tinaimva nkhaniyo mpaka makutu kulema.

Anamwalira chaka chatha nthawi yokolola thonje. Sindinganame kuti tinataya dokotala. Agalu a kuno akuyenda ndi miyendo yawo mwamtendere. Koma sabata yatha ndinaona kagalu kopanda mwini kakukoka mwendo pamsika. Wina anakagenda, wina kukathira madzi otsukira mbale. Ndinangozindikira ndikuyang'ana kumsewu. Wabodza uja akanatsika panjinga, n'kugwada pafumbi, n'kukafunsa kuti, "Pakupweteka pati, achimwene?"

Palibe anagwada. Inenso sindinagwade.