Ulendo Wanga Wautali wa ku Hamilton

Lolemba

Chikwama ndagula! Chobiriwira, cha pamsana, chachikulu moti mwana wa ku mkaka atha kugonamo. Ndachipeza pa kaunjika wa ku North York, uja wa m'sitolo wopanda fumbi. Ndachibereka m'basi njira yonse mpaka kuno ku Markham, mulibe kanthu, kuti msana uyambe kuzolowera.

Pulani yake nayi. Ine ndi Misozi, mnzanga wa ku Chipata amene taphunzira naye limodzi ku yunivesite, tinyamuka Loweruka pa basi kulowera kumadzulo, mpaka kumapiri akuluakulu a dziko lino. Kumeneko alimi amalemba anthu othyola zipatso. Tizithyola, tizigona mu tenti, ntchito ikatha tizisamukira munda wina. Anzathu achizungu amatero akamaliza sukulu, amabwerako atapsa ndi dzuwa, nkhani zili m'kamwa thoo. Ifenso tamaliza. Digiri tili nayo, pepala lotilola kugwira ntchito latuluka. Chotiletsa n'chiyani?

Zaka zonsezi Canada amene ndamuona ine ndi basi, sitima ya pansi, laibulale, tchalitchi ndi chipinda changa cha pansi kwa Anti Joyce. Akadzandifunsa kwathu ku Dedza kuti kunja kuli bwanji, ndidzafotokoza laibulale?

Malamulo a ulendo:
- katundu wochepa: mathalauza awiri, matisheti atatu, juzi, tenti
- osadalira munthu aliyense
- amayi kumudzi adzamve basi itanyamuka kale

Anti Joyce si anti anga enieni. Ndi mayi wa ku Ntcheu, amagwira ntchito yosamalira okalamba. Anandipeza ku tchalitchi nditangofika kumene, ndikunjenjemera m'kajekete ka ku Lilongwe, n'kunditengera kwawo. Mpaka lero. Ndawauza madzulo ano akudula anyezi. Amvetsera osandidula mawu, kenako akuti, "Mu tenti. Chabwino."

Basi. Zayenda mosavuta kuposa mmene ndimaopera!

Lachiwiri

Sizinayende mosavuta.

Anti aika nkhani yanga pa gulu la pa foni la amayi a ku tchalitchi, ati ndi pempho la pemphero. Chiyambire m'mawa belu la pakhomo silikupuma. Ena akudzera pano popita ku shifiti, ena pochokera, yunifolomu ili m'thupi, aliyense ndi kathumba.

Zomwe zafika:
- bulangeti lolemera ngati mbuzi yonyowa
- chiponde, mabotolo awiri
- Baibulo la chikuto cholimba, ngakhale ndili nalo pa foni
- nsapato za m'chipale, mu Ogasiti muno
- ambulera
- ambulera ina
- nambala ya mlamu wa winawake amene amakhala "cha komweko". Ndayang'ana pa mapu. Si cha komweko.

Kukana sindingathe. Munthu watembenuza odwala mpaka kucha, maso ali psuu, n'kukhota njira kudzandipatsa bulangeti lake, ine ndimuuze kuti lamulo loyamba silikulola? Ndikungopinda mawondo, kulandira ndi manja awiri, kuthokoza.

Ankolo Mwale, amuna awo a Anti, atenga nkhani ya zimbalangondo za kumapiriko ngati yawoyawo. Akhala pa kompyuta masana onse. Ati chakuda ukakumana nacho uzikuwa, chofiirira uzigona ngati wafa. Ndafunsa kuti nanga chikandidzera kumbuyo, mtundu osauona? Ati afufuza.

Misozi ndamutumizira chithunzi cha mulu wa katundu. Wayankha kuti, "Iwe, uyenda paulendo olo ukwatiwa?"

Lachitatu

Tsiku loyesera tenti. Misozi wabwera nayo, wabwereka kwa munthu wa pa fulati yawo. Tayala kuseri kwa nyumba, pa kapinga wa Ankolo amene amamumeta ngati mutu wawo.

Pepala la malangizo mulibe. Ndodo imodzi mulibe. M'malo mwake taikapo mpini wa tsache la Anti. Tenti yaima, inde, koma yazyolika ngati nkhuku ya chitopa. Talowamo, takhala pansi, tadzijambula tikumwetulira. Chithunzi chikuoneka bwino kwambiri, mpanda wa nyumba sukuonekamo.

Kenako mvula. Madzi akulowa pamwamba, m'mbali ndi pansi. Buledi wa chiponde amene tinasiya pakhomo la tenti wapita ndi gologolo. Agologolo a kuno ndi onenepa ndipo alibe manyazi, wakhala pa mpanda kudya akutiyang'ana.

Anti akutionera pa windo, kapu ya tiyi ili m'manja. Atsegula chitseko, aika mathawulo awiri pa sitepe, atseka.

Foni ya Misozi yalira kawiri. Ulendo uliwonse akuthamangira pakona n'kumayankha Chingerezi cha m'mphuno chimene ine sindinamumvepo. Ndamufunsa, akuti palibe. Ndazisunga.

Lamulo lachitatu lafa lero. Mmodzi wa amayi a ku tchalitchi ali ndi msuweni ku Dedza, ndipo nkhani yafika kumudzi itasintha zovala m'njira. Amayi aimba foni mawu akunjenjemera. Amva kuti Anti Joyce andithamangitsa ndipo ndikugona panja. Ndafotokoza kuti ayi, ndi kufuna kwanga, ndi zimene achinyamata amachita kuno. Iwo akuti, "Tenti kwathu kuno ndi ya pamaliro kapena ya anthu a madzi osefukira. Iwe wakuonekera ndi uti?"

Apempha kulankhula ndi Anti. Alankhulana nthawi yaitali m'chipinda, chitseko chotseka. Ndamva kuseka.

Lachinayi

Misozi wandiitanira ku kasitolo ka khofi. Wandigulira keke. Misozi sagulira munthu keke popanda mlandu.

"Anipasa nchito, mwana. Niyamba pa Mande."

Ndi ofesi ya zamakompyuta konkuno ku Markham, intavyu anachita kalekale, anali atataya mtima. Akulira, akuseka, akupepesa, zonse pakamodzi. Akuti akakana, bambo ake ku Chipata akwera ndege kudzamukoka khutu. Ndamukumbatira. Ndasangalala, zoona ndithu, mtsikanayu wavutika ndi mabuku kuposa tonse. Koma keke ndaisiya pa mbale.

Pobwerera m'basi ndadziuza chilungamo. Inenso ndinalembera maofesi, ochuluka moti ena ndawaiwala mayina. Amene ayankha ndi okana okha. Kumapiri kuja mwina ndikufunako mapiri, koma kwenikweni ndikufuna malo kumene foni ikakhala chete ndinganene kuti ndi netiweki.

Ndipita ndekha. Ndatsimikiza!

Kuti ndidzilimbitse mtima ndalongedza zonse, zanga ndi za amayi aja, n'kubereka chikwama kuyesa kufika pa siteji ya basi. Zipi satseka. Maambulera atulukira pamwamba ngati nyanga. Ndayenda bwino mpaka pa kona, pomwe chingwe cha nsapato chamasuka. Ndawerama kuti ndimange. Chikwama chaganiza zina. Ndapezeka chagada pa kapinga wa eni ake, miyendo m'mwamba ngati kamba.

Wandidzutsa ndi gogo wina woyenda ndi kagalu. Wandifunsa mwaulemu kuti ndachokera kutali bwanji. Ndaloza nyumba yathu. Ikuoneka bwinobwino, ndi Ankolo ali pakhonde.

Lachisanu

Pa kadzutsa ndalengeza kuti Misozi watsala koma ine ulendo ulipo. Ankolo aika supuni pansi. Anti apitiriza kupaka majarini pa buledi mpaka m'makona monse, kenako atenga foni n'kutuluka panja.

Abwerako ndi munda.

Nkhani yake ndi iyi. Panali gogo wina wachizungu amene Anti anamusamalira zaka zingapo mpaka kumwalira kwake. Mwana wa gogoyo ali ndi munda wa zipatso kupitirira pang'ono Hamilton. Mapichesi apsa, othyola akuchepa. Pali nyumba ya antchito, ya bedi, ya bafa, ya chitseko chokhala ndi loko. Akundifuna Lolemba.

Ndakana. Ndati ulendo wanga ndi wa kutali, wa ndekha, wopanda kuimbiridwa foni ndi munthu. Anti andiyang'ana.

"Si munda umenewu? Si zipatso? Si kumadzulo?"

Ankolo atsegula mapu n'kutsimikiza kuti Hamilton ali kumadzulo ndithu, kupendekera kumwera pang'ono. Awonjezera kuti zimbalangondo kumeneko sanazipeze, zakuda kapena zofiirira. Akuoneka okhumudwa pang'ono, ntchito yawo yonse ija yapita pachabe.

Anti akuti ndikayese. Mapichesi akatha manja akadali ndi chilakolako, ndipitirire kumapiri, iwo adzandiperekeza okha kokwerera basi. Msana ukundikumbutsa za dzulo. Ndavomera ndi mawu apansipansi.

Lamulo lachiwiri, gona mumtendere.

Ndaimbira amayi kuwauza kuti za tenti zatha, ndikagona m'nyumba. Athokoza Mulungu motalika. Atamaliza afunsa kuti ntchito yake ndi yotani. Ndanena. Akuti, "Mapichesi? Aja a kuseri kwa khitchini yathu akuwola chaka ndi chaka, wothyola palibe. Mpaka digiri?" Koma akuseka. Pomaliza akuti ntchito ndi ntchito, ndikagwire ngati mwana woleredwa, ndisakawachititse manyazi a Joyce.

Loweruka

Chotsala cha pulani yanga chinali chimodzi: kupita ndekha, pa sitima m'malo mwa basi, chikwama kumsana, ndikuyang'ana pa windo ngati munthu wa maganizo akuya. Ankolo akuti sitima ya chiyani galimoto ilipo, komanso lero n'kungokaona malo ndi kusiya katundu.

Tanyamuka magalimoto atatu. Amayi anayi a ku tchalitchi amene ali pa ofu, Misozi, Anti, Ankolo. Chikwama chili m'buti, chakwezedwa ndi anthu awiri. Tayimba nyimbo za kwaya mpaka kudutsa mafakitale a zitsulo.

Mwini munda ndi chimunthu chachitali cha ndevu zoyera. Atangoona Anti wavula chipewa, wawakumbatira, misozi mbwembwembwe. Akuti pamene mayi ake amatsirizika iye anali pamsewu, amene anawagwira dzanja ndi Anti Joyce. Anti akungomusisita pamsana ngati mwana. Ine ndakhala m'nyumba mwawo zaka zonsezi, nkhani imeneyi sanaitchulepo.

Chipinda ndikhala ndi atsikana awiri, wa ku Ireland ndi wa ku Chile. Oyenda enieni. Tizikwama tawo ndi tating'ono ngati ta ana a sukulu. Ayang'ana changa, ayang'ana gulu londiperekeza, wa ku Chile wafunsa ngati onsewa ndi amayi anga. Ndati eya. Wati iye amayi ake sanawaone chaka chonse. Pasanapite nthawi ali ndi ambulera, wa ku Ireland ali ndi botolo la chiponde, ndipo onse awiri aitanidwa ku tchalitchi.

Ndayesa kuthyola pang'ono. Zomwe ndaphunzira:
- pichesi salikoka, amalipotokola
- ubweya wake umayabwa m'khosi kuposa chitedze
- makwerero amagwedera
- lakupsa pa mtengo, lotentha ndi dzuwa, madzi ake amatsikira mpaka pa chigongono

Ndili pamwamba pa makwerero ndaona mizere ya mitengo mpaka kutali, mbali ina nyanja, mbali ina chitunda chachitali cha miyala. Mwini munda akuti anthu a ku Hamilton amachitcha phiri. Ku Dedza chimenechi ndi chulu. Ankolo akuwa ali pansi kuti, "Si amenewo mapiri ako!" Amayi onse aombera m'manja.

Tabwerera ku Markham tonse, ine ndemwe, chifukwa mawa ndi tchalitchi.

Lamulungu

Abusa andiitanira kutsogolo. Ati mwana wathu akupita kutali kukagwira ntchito, timupereke m'manja mwa Ambuye. Mpingo wonse watambasula manja. Apempherera misewu, mitsinje, zilombo za kutchire ndi anthu achilendo. Misozi waweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka. Aliyense m'tchalitchimo akudziwa kuti ndibwera Lachisanu madzulo, koma ameni wake wamveka mpaka panja. Ndipo ine, wopanda manyazi, ndalira.

Masana ndikutsuka mbale, Anti akupukuta. Ndawafunsa ngati anakwiya nane sabata yonseyi. Ati ayi. Kenako andiuza zimene sanandiuzepo. Iwo atafika m'dziko muno, munthu amene analonjeza kuwachingamira sanabwere, foni yake osayankha. Anakhala masiku angapo pa depoti ya mabasi, kunja kuli chipale, chikwama atachikumbatira pamiyendo, akunamizira kudikira basi kuti alonda asawatulutse. Anawatola ndi mayi wina wa ku Zambia wokolopa pamenepo, atawamva akupemphera m'Chichewa.

"Ndiye iwe ukamati chikwama, tenti, osadalira munthu, ine mutu sugwira. Ndikudziwa kuti kwa inu ana ndi zosangalatsa. Pita ukaone dziko, sindikukuletsa. Koma uyambire poti ndingathe kufikapo ndi galimoto."

Ndatsuka mbale imodzi kawiri.

Kotero mawa m'mamawa Ankolo akandisiya ku siteshoni, sitima yokha andilola. Ndikathyola mapichesi a eni ake, m'khosi mukuyabwa, digiri ili m'sutikesi pansi pa bedi. Maofesi akafuna ayimba, netiweki kumundako ilipo yambiri. Kumapiri mwina chaka chino, mwina chamawa, sindikulumbiranso.

Ndikutsika kupita kuchipinda changa, Anti andiitana ali pamwamba pa masitepe. Akufunsa kuti Lachisanu ndikafika ndidzapeze chiyani.

Ndati nyemba.