Kwa a Seneta Prewitt, pa Mlandu Wanga wa Botolo la Madzi

Piney Ford,
Lolemba, mwezi wa Juni

Olemekezeka a Seneta Orville Prewitt,

Ndagwada, bwana, ngakhale mawondo akukana. Ine ndine Lorene Tackett, mayi uja wa saluni yoyang'anizana ndi positi ofesi. Simungandikumbuke, ndipo sindikudandaula. Munthu wosunga m'mutu mayina a eni migodi onse, a akazi awo ndi a agalu awo, angapeze kuti malo oikapo wokonza tsitsi?

Koma ine ndimakukumbukirani. Chaka chimene munkafuna mpandowu koyamba, munaimika kagalimoto kanu kadzimbiri pakhomo panga, n'kukwera kumbuyo kwake chipewa chili m'manja. Munati: "Abale anga, ndale zathu zasanduka msika wa ng'ombe. Nditumeni ku nyumba ya malamulo, ndipo aliyense wopatsa wandale ndalama za kampeni, dzina lake lidzapachikidwa poyera!" Tinaomba m'manja mpaka zikhatho kuyabwa. Mwezi wonsewo palibe mayi amene ndinamutsuka mankhwala m'mutu asanalumbire kuti avotera inu.

Tsono ndatsatira mmene mwakhala mukuvotera kumeneko, ndipo mtima wandikakamiza kuthokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa chokana bilu yoti mayina a opereka ndalama za kampeni aziululidwa. Inde, bilu yomwe ija munaimirira pagalimoto. Ndinakumvani pawailesi mukufotokoza kuti ena mwa operekawo ndi anthu amanyazi. Ndinagwetsa misozi, bwana. Sindinkadziwa kuti kampani imene inadula phiri lathu mutu dzuwa likuswa mtengo, n'kutisandutsira mtsinje kukhala wa mtundu wa khofi, ili ndi manyazi a mkwatibwi. Tsopano pakanema timangoona uthenga wokutamandani wolipiridwa ndi gulu lotchedwa Abwenzi a Mawa Lowala. Abwenzi amenewa sitinawaonepo pamaliro a munthu aliyense kuno, koma tikukhulupirira kuti amatikonda chamumtima.

Chachiwiri, pepani ndi matenda. Tsiku lovotera malire a ndalama zimene kampani ingapereke kwa wandale mmodzi, mpando wanu unali wopanda munthu, ndipo ofesi yanu inati mwatsegula m'mimba. Ku tchalitchi tinakupemphererani. Mulungu ndi wamkulu, chifukwa m'mawa mwake nyuzipepala inakuonetsani muli kunyumba ya alenje ya eni migodi, mpeni m'manja, nyama ya ng'ombe yosefukira m'mbale. Kuchira kotereku kumangopezeka m'Baibulo. Akulu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira. Ife tinkayesa kuti tinakumangirirani ku Piney Ford. Sitinaone amene anadzamasula chingwe.

Chachitatu ndicho chandilembetsa kalatayi. Pa lamulo latsopano la zisankho simunadwale. Amene analipo akuti dzanja lanu linakwera m'mwamba mlembi asanamalize n'kuwerenga komwe. Lamulo limeneli linatseka malo athu ovotera, holo ya tchalitchi ija tinkangopitako wapansi, n'kutitumiza ku boma, kuseri kwa phiri. Linanenanso kuti kupatsa munthu wa pamzere chakudya kapena chakumwa ndi kugula voti. Ndinasangalala kumva kuti katangale mwamupeza pomwe amabisala: m'mabotolo a madzi.

Pa chisankho cha chipulula mwezi wathawu, ndinanyamula mayi Ozella Combs pagalimoto yanga. Ndi mayi wamasiye wokalamba, ali ndi nthenda ya shuga, ndipo amuna awo, a Harlan, anafa ndi fumbi la malasha m'mapapo. Chiyambire utsikana wawo sanaphonyepo chisankho. Anavala diresi ya Lamulungu ndi chipewa cha maluwa.

Tinapeza mzere watuluka pakhomo, wazungulira khoti, wakafika pamalo omwetsera mafuta. Matauni onse amene munawatsekera maholo anali pamenepo. Tinaima kuyambira m'mawa mpaka mithunzi inathawira kunsi kwa mapazi. Kenako ndinaona mayi Ozella akudzandira, milomo itauma gwa. Ndinatulutsa botolo la madzi m'chikwama.

Asanameze kachiwiri, anatulukira wapolisi Dwight Napier.

"Mayi Tackett, chonde bwezerani botololo m'chikwama."

"Iwe Dwight," ndinatero, "ndinkakumeta ukulira, m'mutu muli chipere. Lero ukundiletsa kumwetsa agogo awa madzi?"

"Si ine, mayi. Ndi lamulo." Ankayang'ana nsapato zake.

Mayi Ozella anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwanawe, ngati voti yanga ikugulidwa ndi madzi, kawauze afinyiremo ndimu. Sindine wotchipa chotere."

Mzere wonse unafa ndi phwete. Ine botolo sindinabweze, ndipo Dwight anandilembera samani yoti ndikaonekere kukhoti. Koma madziwo anabwera mochedwa. Mayi Ozella anakhala pansi pamsewu, chipewa chikugubuduzika, ndipo anachoka pamenepo pa ambulansi, chitseko cha movotera akuchiona ndi maso. Tsopano ali bwino, atuluka m'chipatala. Chimene sichikupola n'choti sanavote.

Ndikuuzeni chinsinsi, bwana: ankapita kukavotera inu. Njira yonse ndinalimbana nawo, koma ankangoti, "Munthu uja anavula chipewa pamaliro a Harlan wanga." Lamulo lanu linagwira bwino ntchito moti linakutetezani kwa munthu womaliza amene ankakukhulupirirani mwaulere. Zimene akunena za inu tsopano sindingalembe, chifukwa ndi mayi wa mvano ndipo akufuna kuti zisamveke kwa abusa.

Ndiye nali pempho langa, lochepa ngati mwini wake. Mlandu wanga wogula voti ukulowa Lachinayi likudzali. Loya wanga akuti tikufunika mboni ya ukadaulo, munthu wodziwa kusiyanitsa mphatso ndi chiphuphu. Ndafunsa makasitomala anga onse, a zipani zonse ziwiri, ndipo kwa nthawi yoyamba agwirizana chimodzi: m'chigawo chino mulibe wina wa luso limeneli woposa inu.

Bwerani, bwana, mudzawaunikire oweruza. Ine kulakwa ndikuvomera kale, ndikungofuna kumva m'kamwa mwanu kuti ndinalakwira pati: kodi n'chifukwa choti ndinapereka, kapena n'chifukwa choti ndinapereka zochepa, masana, kwa munthu waludzu lenileni?

Ine wanu wodzichepetsa, woyembekezera chilango mwaulemu,

Lorene Tackett,
Wokonza tsitsi, ndiponso, malinga ndi samani, chigawenga cha ndale