Matimati a Apongozi

Pulani inabadwira pa kachasu wa kwa Dolika, Lachitatu masana, botolo lachitatu litafika pakati. Mwini pulani anali Jethro, amene anzake ankamutcha Injiniya chifukwa tsiku lina anamasula wailesi ya mlamu wake n'kulephera kuibwezera. Iye dzinali ankaliyesa ulemu.

"Madala, senderani kuno," anatero Jethro. "Ndapeza mgodi. Osati wa kopa, wa matimati."

Madala akewo anali awiri: Wilbroad wogulitsa makala, ndi Jabulani wa njinga yonyamula anthu, amene Chipata yense ankamudziwa kuti Mabuleki chifukwa njinga yake inalibe mabuleki.

Mgodiwo unali kuseri kwa nyumba ya amayi Dailes, mphunzitsi wopuma pantchito. Mayiwa anafesa okha, kuwokera okha, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo, mtengo uliwonse atauzikira kamphanda kake. Chaka chimenecho matimati anachita kupsa ngati apangana, ofiira psuu, aakulu ngati chibakera, mpaka odutsa ankasuzumira pampanda n'kumeza malovu. Jethro sankasuzumira pampanda. Ankalowera pakhomo, chifukwa anali atatomera Esnat, mwana wa amayi Dailes, ndipo chinkhoswe chinali patsogolo ndi milungu iwiri. Jethro ankamukondadi Esnat, zimenezo tisamunamizire. Koma ankakondanso jekete lina labuluu lomwe analiona pa salaula, pogulitsira zovala za kaunjika, ndipo anali atalumbira kuti pachinkhoswe avala limenelo.

"Apongozi ako enieni?" anafunsa Wilbroad, kapu ili m'malere.

"Ndiye kukoma kwa dilu, mudala. Galu amandidziwa. Mawa Lachinayi, amayi ndi Esnat ali kutchalitchi, ku Chigwirizano. Tilowa, tithyola, tikagulitsa kumsika wa Kapata. Ndani angaganizire mkamwini?"

"Nanga Esnat akamva?" anatero Mabuleki.

"Amva kwa ndani? Matimati salankhula."

Anaseka n'kuitanitsa botolo lachinayi.

Lachinayi masana zonse zinayenda monga ananenera Injiniya. Galu anawalandira ndi mchira, n'kuwaperekeza mpaka m'dimba. Tsono aliyense amene anadzalapo matimati amadziwa kuti a paulendo umathyola ongoyamba kufiira, n'kuwayala m'dengu kapena m'kireti mosamala ngati mazira. Koma pa anthu atatuwa panalibe amene anadzalapo ngakhale tsabola.

"Ofiira okhaokha!" analamula Jethro. "Aawisi asiyireni eni ake. Ifenso tili ndi chifundo."

Chonyamulira anabweretsa Wilbroad: matumba awiri oyera a ufa, atawasoka pamodzi kuti likhale thumba limodzi lalitali, monga achitira ndi makala. Ndipo analongedza monga alongedzera makala. Akathira pang'ono, ankaligwedeza, n'kutsendera ndi bondo.

"Kasitomala amafuna thumba lolimba," anatero mwaukatswiri, thukuta lili kamukamu.

Atatha analimanga ndi malegeni patatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi. Jethro anaima patali n'kuliyamikira. Munthu wanzeru akanaona kuti chinthucho tsopano chinali ndi mutu, chiuno ndi miyendo.

Anachigoneka chopingasa pa kaliyala wa njinga ya Mabuleki. Wilbroad anakhala pachitsulo chakutsogolo, Mabuleki pachishalo, ndipo Injiniya, poti mkulu wa dilu sayenda pansi, anakhala pamwamba pa thumba. Asanafike pamsewu waukulu anamva kuzizira m'buluku, koma anati ndi thukuta.

Kenaka panabwera potsetsereka.

"Chepetsa!" anakuwa Wilbroad.

"Ndichepetse ndi chani?" anayankha Mabuleki, akukwekweza patapata pa tayala mpaka patapatayo inaduka.

Tsoka silinunkha. Njinga inakawatula m'ngalande, pageti penipeni pa tchalitchi, azimayi a Chigwirizano akutuluka ndi mabulauzi awo oyera. Thumba linagwa pamsewu kuti khu, lofewa, lalitali ngati munthu, likutuluka madzi ofiira. M'ngalande munatuluka amuna atatu ofiira manja, mawondo ndi kumbuyo komwe.

"Mayo! Apha munthu!" anakuwa mayi wina.

Madzi a matimati safanana kwenikweni ndi magazi, koma khamu silikhala ndi nthawi yofufuza. Ogulitsa chimanga chootcha anasiya mbaula. Anyamata a njinga anatseka msewu. Wina anati waona thumba likugwedeza mwendo, wina anati wamva likubuula, ndipo wachitatu anali atadziwa kale kuti womwalirayo ndi wa ku Mwami. Kulimasula palibe amene anafuna. Miyala yokha ndiyo inali itatoledwa kale.

"Masulani muone!" anachonderera Jethro.

"Kuti tigwire maliro ndi manja athu? Menyani!"

Mbama yoyamba inamupeza kukhutu. Mabuleki anali atalowa kale pansi pa njinga yake, Wilbroad akupemphera pemphero lodalitsa chakudya, poti ndi lokhalo lomwe ankalidziwa. Jethro anaona bambo wina akubwera ndi tayala lakutha, ndipo uinjiniya wonse unamuthera pomwepo.

"Ndi matimati!" anakuwa mpaka mawu anasweka. "Ife si opha anthu, ndife mbava chabe! Tawaba! Mulungu akundiona, tawaba!"

"Bodza! Mwaba kwa ndani?"

Jethro anayang'ana uku ndi uku. Pakati pa mabulauzi oyera anaona amayi Dailes, Baibulo lili m'khwapa, ndi Esnat pambali pawo atagwira pakamwa. Mtima unamuuza kuti akhale chete. Khutu lomwe linali kulira lija linamuuza zina.

"Kwa amayi Dailes," anatero, misozi ikusakanikirana ndi njere za matimati. "Awo ali apowo. Amayi, chonde, auzeni."

Khamu linapatuka. Amayi Dailes anapatsira Esnat Baibulo, nabwereka mpeni kwa wogulitsa nzimbe, n'kung'amba thumba kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Munakhuthuka phala lofiira. Anthu ena anaseka, ena anakhumudwa poyera kuti atolera miyala pachabe. Mayiwo anawerama, natola limodzi lomwe linapulumuka bondo la Wilbroad, nalipukuta ndi chitenje, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Miyezi itatu ya kuthirira inali ikuyenderera kulowa m'ngalande.

Wapolisi yemwe anafika mochedwa, wefuwefu, anafunsa: "Mayi, zinthuzi ndi zanu? Nanga munthuyu mukumudziwa?"

Jethro anagwada m'phalamo. "Amayi, ndine mwana wanu. Esnat, lankhula!"

Esnat anatembenuka n'kuyamba kuyenda.

"Matimatiwa ndikuwadziwa, ndinafesa ndekha," anatero amayi Dailes. "Uyu sindikumudziwa."