Boti la Mkamwini

Lolemba

Lafika. Boti langalanga, pa ngolo yake ya matayala awiri, lokokedwa ndi pikapu kuchokera ku malire. Loyera pamwamba, labuluu pansi.

Ndagula kwa a Joaquim, dalaivala wa thiraki wa ku Tete, ndi kapenshoni kanga ka ulonda. Akuti linkathamanga pa Zambezi bwana wawo asanatope nalo. Ndawafunsa ngati lili ndi vuto. "Nada, bwana, nada," akutero, kutanthauza kuti palibe, injini ya thiraki ataliza kale.

Anthu akufunsa chifukwa chake sindinagule njinga yamoto ngati anzanga. Sindikuwayankha, koma muno ndilemba. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndili pa chikamwini kuno kwa Nambewe, mkazi wanga. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi lawo. Manachesi ndinabzala ndine, mitengo ndi yawo. Wilibala ndinagula ndine, imagona kwa mlamu wanga a Lemani, mwinimbumba. Njinga yamoto bwenzi atabwereka tsiku lomwelo. Boti sangabwereke, sadziwa kusambira.

Inenso sindidziwa, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Pulani: dzinja likafika mtsinje udzadzaza, anthu opita kumsika wa Thambani ndizidzawawolotsa ndine.

A Lemani alizungulira kawiri manja ali kumbuyo. Akuti laima pamalo a nazale ya mlongo wawo, ndipo mvula ili pafupi. Likapanda kuyenda pamadzi pofika Lamulungu, lichoke pa dothi la makolo awo. Ndavomera mwaulemu. Masiku asanu ndi limodzi ndi ambiri.

Lachiwiri

Tsiku loyendera katundu wanga. Zomwe ndapeza mkati:
- chisa cha makoswe, eni ake alimo
- nsapato imodzi ya mzungu
- mabotolo atatu opanda kanthu
- buku la malangizo, la Chipwitikizi, theka lake makoswe anawerenga kale

Zomwe sindinapeze: chikupizo chakumbuyo chija chimazungulira m'madzi. Palibe! Pali kapaipi chabe. Ndati andibera.

Ndaimbira a Joaquim. Aseka mpaka kutsokomola. Akuti ili ndi jeti, limayamwa madzi pansi pa mimba n'kuwalavula kumbuyo, ndiwo amalikankha. Ndagwada kusuzumira. Zoonadi, pali kamwa la mano achitsulo. Ndauza Nambewe kuti boti lathu ndi jeti. Akuti jeti imene akuidziwa imauluka, ndipo ikadauluka bwenzi atafesa kale nazale.

Batire ndi lakufa. Ndabwereka la sola ya m'nyumba. Nambewe angondionetsa foni yawo yozima n'kunyamula ndowa. Mjigo wathu unathyoka mwezi watha, madzi akukatunga kuseri kwa phiri.

Lachitatu

Abwera a Mofolo, makaniko wa pa Thambani. Amakonza zigayo, njinga zamoto ndi mawailesi. Boti sanalionepo, koma akuti injini ndi injini basi.

Atsuka mapulagi. Apopa petulo wakale ndi pakamwa, alavula, atukwana. Athira watsopano. Apempha tiyi.

Cha m'ma leveni: LALIRA! Nkhuku zonse kuthengo. Mbuzi ya a Lemani yadula chingwe. Mudzi wonse wabwera, ine ndili pa chiwongolero, chipewa cha ulonda kumutu. Sindibisa, ndasangalala ngati tsiku lobadwa mwana wanga woyamba, Chisomo. Ndalisiya lilire nthawi yaitali kuti a Lemani amve bwinobwino ali kwawo.

Kenaka fungo la labala wopsa. Kenaka utsi.

Ndaimbiranso a Joaquim. Akuti jeti saliliza pamtunda, madzi omwe limayamwawo ndiwo amaziziritsa zamkati. Ndawafunsa chifukwa chake sanandiuze Lolemba. Akuti sindinafunse.

A Mofolo atulutsa timalabala tiwiri topsereratu. Akuti zotere mwina ku Blantyre, mwina ku Joni. Adula patapata wa Nambewe n'kusema tina. Wakumanzere. Ndabisa wakumanja kuti Nambewe asamve chisoni pomuona ali yekha.

Lachinayi

Lero ntchito ndi kufuna madzi. Ndikuvomereza kuti iyi ndikanayamba nayo ndisanagule boti.

Mtsinje: mchenga wokhawokha, amayi akufukula timaenje.
Khwawa la kumunsi: achule anasamuka.
Damu la ng'ombe kuseri kwa tchalitchi: madzi alipo, obiriwira.

Ndayeza ndi nsungwi. Pakati amafika m'chiuno. A Joaquim akuti jeti limayenda ngakhale m'madzi ofika m'mawondo, ndiye ubwino wake. Sindikuwakhulupiriranso kwenikweni, koma mawu amenewa ndawakonda.

Ndapempha ng'ombe ziwiri kwa a Bonongwe zokokera ngolo. Avomera, bola iwo akwere nawo ulendo woyamba. Kenaka aliona botilo, akuti aonerera ali pamtunda.

A Lemani adutsa madzulo. "Alamu, sitima inyamuka liti?" Ndati mawa. Akuti abwera ndi mpando.

Nambewe akufunafuna patapata.

Lachisanu

Ng'ombe zakoka boti mpaka ku damu. Kumbuyo anthu ngati akuperekeza mkwati. A Lemani abweradi ndi mpando.

Talikankhira m'madzi. Layandama! Ndakwera, a Mofolo akwera. Ndikukonza chipewa, ndikumva mapazi kuzizira. Madzi m'boti. Kumbuyo kuli kabowo kotulutsira madzi, kamafunika kutseka lisanalowe m'damu, ndipo chotsekera chake mwina chidakali ku Tete. A Mofolo atsekapo chala, ine ndakuwa kuti wina atipatse chitsononkho. Chakwana ndendende.

Taliza injini. Ndaponda moto pang'ono.

Zimene ndaphunzira lero, mwa ndondomeko yake:
1. Jeti limayamwa chilichonse chili pansi, osati madzi okha.
2. Chimene layamwa limalavula kumbuyo, mwamphamvu.
3. Kumbuyo kunali amayi a chigwirizano akuchapa mayunifolomu oyera a Lamulungu.
4. Boti lilibe mabuleki.
5. Ukachotsa phazi pa moto chifukwa cha mantha, chiwongolero chimasiya kumvera.

Tawoloka damu lonse nthawi yosakwana kunena dzina langa. Taima m'bango, mphuno m'matope. Injini yatsokomola kawiri n'kukhala chete.

A Lemani akuti chimene aona si kuyenda pamadzi koma kugwa chogona, ndipo sichiwerengedwa. Ndafuna kutsutsa, koma m'kamwa munali ndere.

Amayi aja sanakalipe. Angondiyang'ana. Mmodzi mwa iwo ndi Nambewe.

Loweruka

M'mawa wonse ndili chagada m'matope, kuzula zomwe jeti linadya:
- majumbo asanu ndi awiri
- miyala yodzaza chipewa
- chingwe cha ng'ombe
- sikafu ya amayi a chigwirizano (ndaikwirira)

A Mofolo atsegula injini. Akuti yamwa matope mpaka kukhosi, ndipo timalabala ta patapata tasungunuka. Aichotsa yonse, apita nayo ku Thambani pa ngolo ina. Ndafunsa kuti ibwera liti. Ayang'ana kumwamba n'kunena kuti mitambo yayamba kuda.

Ndatsuka chikhokhombe chotsalacho mpaka kuyera, poti china chochita panalibe. Ng'ombe zalikokera kunyumba. Zatopera pambali pa khonde, pansi pa malata penipeni, zakana kusuntha. Lakhala pomwepo.

Mawa ndi Lamulungu. A Lemani atumiza uthenga kuti ng'ombe zibwerenso tikaweruka ku tchalitchi. Kolipititsa sindikudziwa. Kwathu ndinachoka kalekale, malo anga anagawana adzukulu.

Ndakhala m'botimo madzulo, pa mpando wa dalaivala, wopanda choyendetsa. Zikundiwawa. Petulo ndi manyazi adzulo ndi zazing'ono. Chondiwawa n'chakuti chinthu chokhacho chimene anthu pamudzi pano amachitchula ndi dzina langa chikuchoka mawa.

Nambewe abwera ndi tiyi, aika pa mphuno ya boti. Aponya patapata wakumanja m'kati, akuti akhale pamodzi ndi mnzake. Kenaka afunsa ngati chitsononkho chija chidakali pa kabowo. Ndati eya. Akuti ndisachichotse.

Lamulungu

Mvula yoyamba. Yayamba m'bandakucha, yamphamvu, mpaka ku tchalitchi sitinapite.

Malata onse a mbali ino akuthira m'boti. Pofika naini koloko ladzaza mpaka pa chiwongolero. Sabata yonse ndakhala ndikufunira botili madzi, lero madzi alipeza okha, kungoti alowera mbali yolakwika.

Mvula itakata, Nambewe atunga ndowa zinayi osayenda ndi mapazi khumi omwe. Achemwali awo abwera ndi ndowa. Kenaka akazi a a Lemani. Kenaka a Lemani eni ake, ndi ng'ombe zija kumbuyo, koma maso ali pa madzi.

Alizunguliranso kawiri. Akuti aganiza bwino, chinthuchi chikhoza kukhala, chikhale chitsime cha mbumba, poti chili pa dothi la mbumba. Ndinadziwa. Wilibala inapitanso chonchi. Ndatsegula pakamwa kuti ndivomere mwaulemu monga mwa masiku onse.

Nambewe atula ndowa.

"Achimwene, dothi ndi lanu, mvula ndi ya Mulungu. Koma botili ndi la bambo a Chisomo, ndipo lili pa matayala, silinamere mizu. Wofuna madzi azipempha kwa iwo."

A Lemani ayang'ana mlongo wawo, ayang'ana phiri lomwe akazi awo amakwera ndi ndowa, abweza ng'ombe.

Ndiye zinthu zili motere. Injini ili ku Thambani ndipo sindikuyembekeza kuionanso. Mtsinje ukadzaza anthu adzawoloka monga amawolokera chaka chilichonse, nsapato kumutu. Boti langa silidzayendanso, ndavomereza. Nazale Nambewe afesa pambali pake, akuti kuthirira kwafupika.

Madzulo ano ndili pakhonde ndikulemba izi, ndamva kukhosomola kuseri kwa boti. A Lemani, ndowa m'manja, chipewa atavula.

"Odi, alamu. Tingatungeko pang'ono?"

Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ndawauza adikire kaye, ndimalize chiganizo ichi.