Kwa Bwana Amene Ofesi Yawo Ili Pabedi Langa

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Mawu Onona,
Chipinda chapamwamba, chozizira chija.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada, ngakhale mawondo anga ndi otupa. Ine ndine gogo wake wa mtsikana uja amakulemberani nkhani zotsatsa malonda pa intaneti, wamagalasi uja, amene pamisonkhano yanu amangovomera ndi mutu. Mukhululuke zilembo zokhotazi, sukulu ndinangoinunkhiza. Koma kuthokoza sikulira satifiketi.

Choyamba, zikomo kuti alembi anu munawachotsa mu ofesi n'kuwapatsa ufulu wogwirira ntchito kunyumba. Kale mwanayu ankazunzika zedi. Ankasamba m'mawa, kuvala nsapato, kukwera basi, kukakhala pampando weniweni wokhala ndi poyedzamira, masana n'kumaseka ndi anzake. Madzulo ankabwera ndi miseche ya kuntchito, ine n'kumatsukira m'makutu. Nkhanza zoterozo munazithetsa. Lero kumtunda amavala bulauzi yosita, kumunsi kabudula wogonera, ndipo munthu yekhayo amene amaonana naye maso ndi maso ndine, amene ntchito yanga ndi kuuzidwa kuti ndikhale chete.

Chachiwiri, netiweki. M'nyumba muno muli zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma netiweki ndi mwana woleredwa bwino, inasankha kukhala ndi akuluakulu. Imagwira pazenera la kuchipinda kwanga basi, cha kumutu kwa bedi. Munalamulanso kuti kumbuyo kwa wantchito kuzioneka khoma loyera, ndipo khoma lopaka penti kwathu kuno ndi lomwelo. Ndiye ofesi yanu, Bwana, ili pabedi langa. Desiki ndi thabwa lositira. Chithunzi cha malemu amuna anga chinatsitsidwa, ati nkhope yawo ikuopseza makasitomala. Munthu woti pamene anali moyo ngakhale nkhuku zinkamudyera m'mbale.

Chachitatu, adokotala anandiuza kuti masana ndizigona miyendo nditaikweza papilo, apo ayi idzatupa mpaka kuphulika zilonda. Koma adokotala ndi ndani pamaso panu? Masana m'nyumba monse mumafunika bata, ndiye ndimakhala pakhonde, pandowa yovundikira, miyendo ili ngati zitsa, m'katimo mwana akulemba njira zopezera tulo tabwino. Anandiwerengera nkhaniyo. Akuti thupi la munthu wachikulire limafuna matiresi ofewa ndi chipinda chabata. Misozi inalengeza, Bwana, ndi kukoma kwa mawuwo. Sabata yatha analemba za mipando yosapweteka msana, iye atapinda miyendo pabedi ngati wosoka mphasa, n'kudzuka akuyenda chowerama kuposa ine.

Chachingati kaya, ndasokoneza, koma ndi chimene ndakulemberani. Mankhwala anga amakhala m'kachikwama kunsi kwa bedi. Tsiku lija nthawi yomwera inakwana msonkhano wanu usanathe, paja inu mukayamba kufotokoza masomphenya a kampani ngakhale mlaliki wa m'basi amachita nsanje. Ndinadikira mpaka mutu kuyamba kuzungulira. Kenako ndinalowa chokwawa, monga anandiphunzitsira mwanayu, kuti kamera isandione. Mutu unadutsa bwinobwino. Mapewa anadutsa. Koma Mulungu anandidalitsa kumbuyoku, ndipo dalitso silibisika. Akuti linatulukira pansi pa galasi la kompyuta yanu ngati mwezi, likuyenda pang'onopang'ono, anthu onse ali duu, mpaka kasitomala wanu wamkulu anasendera pafupi kuti aonetsetse.

M'mawa mwake mwanayu analandira chenjezo lanu, lakuti malo ake ogwirira ntchito ndi osalongosoka, zikachitikanso ntchito yatha. Munalasa, Bwana. Nkhalamba imafunanji mu ofesi ya eni? Analira mpaka magalasi kuchita nthunzi, atatha n'kubwera kudzandipepesa, iye kupepesa ine. Kuchokera tsikulo amakhoma chitseko, akatsegula sandiyang'ana kumiyendo. Ntchitoyi ndinaipempherera ndekha, ndipo walira mvula walira matope. Sindifuna ithe, ndi imene imatidyetsa. Koma miyendonso ndi iwiri yomweyi, ina sindinasunge m'sutikesi.

Chandikhudza kwambiri ndi kumva kuti inuyo ufulu umenewu munadzimana. Mudakapitabe ku ofesi tsiku ndi tsiku, nokhanokha nsanjika yonse, kumapirira mpando wozungulira ndi tiyi wochita kukubweretserani. Akutinso m'menemo muli sofa lalitali lachikopa lokhalira alendo, koma alendo ake munawatsekera m'makamera, ndiye limangosungulumwa ngati mwini wake. Mtima wanga sungalole munthu wabwino chotere kuvutika yekha.

Choncho pempho langa ndi laling'ono ngati njere ya mpiru. Mwanayu musamubweze ku ofesi, ndikudziwa kuti mipando ya alembi munagulitsa kale. Ntchito musamuchotse, bedi ndamusiyira. Mungowauza alonda a pageti kuti Lolemba kukubwera mayi wachikulire ndi pilo, bulangeti ndi kachitini kolavuliramo, asamubweze. Ndizigona pasofapo kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, miyendo ndizitsamiritsa padesiki lanu kuti ikhale m'mwamba. Mkonono ndili nawo, sindibisa, koma mudzazolowera, paja mumati pakampani panu nonse ndinu banja limodzi. Mukapeza ndagona ndipo chitseko n'chotseka, musachite manyazi, ingokankhani. Inunso kwanga kuno munalowa popanda ngakhale odi.

Ine wanu wogwada mpaka wina adzandidzutse,

Gogo wake wa wamagalasi,
mlonda wa pakhonde pa nthambi yanu yatsopano.