Malambe a Atsibweni

Mpaka lero kunyumba kwanga sindiloledwa kukhudza jelera, firiji yathu, ndipo sinditsutsa.

Titabwerera ku Entre Lagos nkhondo itatha, ndinabwera ndi zinthu ziwiri zonyadira: mkazi amene ndinamukwatira kothawira ku Malawi, ndi jelera yakale yoyendera palafini. Vuto linali lakuti atsibweni a mkazi wanga anali asanavomereze ukwatiwo. Ankati ukwati wa pamsasa ndi wa njala chabe, ndipo anatumiza mawu kuti akubwera pa komboyo, sitima ya pamtunda, kudzaona ngati mwana wawo ali m'manja mwa munthu.

Mkazi wanga ananyika malambe m'chigubu, nathira shuga yense amene tinali naye, n'kuika chigubucho mu jelera. Kutacha iye atapita kukawachingamira, ndinapeza m'mbali mwa chigubu mwaundana gwa, koyera bwino, koma pakati patatsala timadzi tofiirira tonanda. Ndinati izi ndi zinyalala zakana kuuma. (Safunsa anadya phula, koma ine ndiye ndikanafunsa yani, poti ndinali katswiri wa jelera mudzi wonse?)

Kupendeketsa chigubu, timadzito tinkangodontha. Ndinalowetsa kapayipi. Zii. Ndiye ndinabowola chitsekerero, n'kulumikiza pampu ya njinga kuti mpweya uzikankha. Ndinapopa, ndinapopanso, mpaka kapayipi kanafwamphuka n'kundithira kuyambira kumaso mpaka m'malaya. Zotsalazo ndinakhuthulira kuseri kwa nyumba, mtima uli mbee.

Alendo atakhala pamkeka, ndinasungunula chibuma chija n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anamwa pang'onopang'ono, akuyang'ana njuchi zimene zinkazungulira kolala yanga.

"Madzi abwino awa, akamwini," anatero. "Chitsime chake chili kuti?"

Mkazi wanga analawa m'kapu, kenako anapaka chala pamalaya anga n'kunyambita. Sanakalipe. Anangondifotokozera pamaso pa mlendo kuti chimene chimaundana ndi madzi okha, ndipo malambe ndi shuga zimathawira pakati, momwe muja ndinapopa. Manyazi anandigwira moti ndinalakalaka kubwerera ku Malawi wapansi.

Madzulo atsibweni anaitana mwana wawo pambali, koma ndinamva ndithu.

"Ukwati ndauvomera. Munthu uyu ukamusiya yekha safika chaka."

Ndinaphunzirapo kulawa chinthu ndisanataye. Zoti ndizifunsa kaye, mkazi wanga akuti akudikirabe.